Njinga Zamoto Zokana Kufa

Aliyense wokhala m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata anawaonapo alendo amenewa. Amadutsa makamaka m'miyezi yopanda mvula, mmodzimmodzi kapena awiriawiri, atavala zovala zochindikala ngati kuti kunja kuli chisanu, nkhope zili mbuu ndi fumbi. Njinga zawo zamoto ndi zikuluzikulu, zonyamula mabokosi achitsulo uku ndi uku, ndipo manambala ake ndi a maiko akutali. Akaima pa mlatho wa Luangwa, pamene amayi amagulitsa nsomba ndi madengu, kapena pa Nyimba kuti agule nthochi, ana amawaunjirira, ndipo akuluakulu nawonso amasendera pafupi mwaulemu kuti aone bwino.

Zambiri mwa njinga zimenezi ndi zatsopano, zodzaza ndi nyali ndi timakompyuta, ndipo za izo tilibe mawu ambiri. Koma mwa apo ndi apo pamafika ina yokalamba, ya zaka 30 kapena 40, penti itasuluka, injini yake itatulutsa mitu iwiri m'mbali ngati nyanga za njati. Imeneyo ndi BMW yakale ya ku Germany. Tsono funso limene tifuna kulingalira nanu mwezi uno, owerenga athu okondedwa, ndi ili: zitheka bwanji kuti njinga yopangidwa mwini wake asanabadwe ichoke ku Ulaya, idutse zipululu ndi mapiri, n'kufika kwathu kuno ikadali ndi mphamvu, pamene njinga imene inagulidwa yatsopano ku Petauke zaka ziwiri zapitazo yagona kale kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake?

Ambiri amayankha msanga kuti, "Chitsulo cha ku Germany n'cholimba." Yankho limeneli lili ndi choona chake, koma limabisa china chachikulu, ndipo limatonthoza molakwika munthu amene njinga yake yafa, pakuti iye amangoti linali tsoka, anagula chitsulo chofooka. Ife tikuti njinga zakalezi zikadali moyo chifukwa anazipanga kuti munthu wamba azitha kuzikonza ndi manja ake, ndiponso chifukwa eni ake amazikonza zisanawonongeke.

Nkhani imeneyi si yamasewera kwa anthu a kwa Mfumu Yaikulu Luembe, ngakhalenso a kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape. Munthu akasiya msewu wa tala ku Nyimba n'kutsetserekera ku chigwa cha Luangwa, amakumana ndi miyala, mchenga ndi timitsinje timene m'dzinja timadzaza mwadzidzidzi. Kumeneko galimoto siipezeka wambawamba. Mayi wapakati zikamuvuta usiku ndipo a pachipatala chaching'ono anena kuti apite ku Nyimba kapena ku Minga, mwana akalumidwa ndi njoka, wodwala akapempha wansembe, kawirikawiri imene imathamanga ndi njinga yamoto. Ikakana kulira usiku umenewo, anthu amatola machira n'kuyamba wapansi, ndipo tonse tikudziwa m'mene maulendo ena otere amathera.

Mpingo unaphunzira zimenezi kalekale, ndipo unaphunzira ndi misozi. M'chaka cha 1925, m'dziko limene lero tikulitcha Namibia, wansembe wa ku Germany, Bambo Otto Fuhrmann wa chipani cha Oblates, anadwala chibayo ndi malungo ali kutali ndi chithandizo. Panapita masiku angapo asanafike pa chipatala cha amishoni a ku Finland, ndipo anamwalira. Bwenzi lake la pamtima, Bambo Paul Schulte, amene ankadziwa kuyendetsa ndege, sanaimvetse imfa imeneyi. Kwa iye, mnzake anaphedwa ndi kutalika kwa njira kuposa ndi matenda. Choncho m'chaka cha 1927 anakhazikitsa bungwe la MIVA, loti lizipezera amishoni galimoto, njinga zamoto, mabwato ngakhale ndege. Mpaka lero akhristu a m'maiko ena a ku Ulaya amasonkha ndalama za ntchito imeneyi, makamaka m'mwezi wa Julayi, pokumbukira Kristofa Woyera, nkhoswe ya anthu apaulendo.

Pa nthawi imene Bambo Schulte ankayamba ntchito yawo, dziko la kwawo linali patsogolo pa luso la njinga zamoto. Njinga yamoto yoyamba kupangidwa yambiri n'kumagulitsidwa inatuluka mumzinda wa Munich m'chaka cha 1894, kwa Hildebrand ndi Wolfmüller. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kampani ya DKW ndiyo inkapanga njinga zamoto zambiri kuposa ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1950 ulemu umenewu unali wa NSU, ya ku Germany komweko. Kanjinga ka DKW kotchedwa RT 125 kanali kosavuta ndi kodalirika kotero kuti nkhondo yachiwiri itatha anthu a maiko ena anakatengera: a ku England anapanga BSA Bantam, a ku America anapanga Harley-Davidson yaing'ono, ndipo njinga yoyamba ya Yamaha, ya m'chaka cha 1955, inali mdzukulu wa kanjinga komweka. Komabe kwathu kuno njinga za ku Germany sizinachulukepo. Pa nthawi ya atsamunda, amishoni ndi akuboma ankakwera makamaka za ku England, ndipo pambuyo pake zinabwera za ku Japan, mpaka anthu ambiri anafika potcha njinga yamoto iliyonse kuti honda.

BMW inatulutsa njinga yake yoyamba, R 32, m'chaka cha 1923. Anaikonza ndi katswiri wa mainjini a ndege dzina lake Max Friz, ndipo maganizo ake awiri akuluakulu anakhalabe pa njinga za kampaniyi kwa zaka zoposa 70. Loyamba ndi la injini: masilinda awiri ogona chopingasa, lina kumanja lina kumanzere, otulukira kunja kumene mphepo imawomba. Motero injiniyo siifuna madzi oiziziritsa; palibe ladiyeta yoti ibooke, palibe paipi yoti iphulike pakati pa thengo. Amaitcha boxer chifukwa mapisitoni ake amakankha ngati zibakera za munthu wankhonya. Pano tichenjeze anyamata athu kuti asanyade msanga: Boxer imene ili mbwee m'misewu yathu ndi ya kampani ya Bajaj ya ku India, ndipo palibe chibale pakati pa ziwirizi koma dzina lokha.

Ganizo lachiwiri ndi la tcheni, kapena tinene kusowa kwa tcheni. Mphamvu ya injini imafika ku gudumu lakumbuyo kudzera m'chitsulo chozungulira chimene amakaniko amati shafiti, ndipo pa njinga za pambuyo pake chitsulochi anachitsekera m'kati momwe fumbi silifika. Yense amene anakokapo tcheni yotanuka pa msewu wa mchenga, kapena kuona mano a sipuloketi atatha ngati a nkhalamba, adziwa ubwino wake wa zimenezi popanda ife kufotokoza.

Koma chimene chimatikondweretsa koposa ndi ulemu umene opanga njingayi anapereka kwa mwini wake. Zonse zofuna kukonzedwa kawirikawiri anaziika poyera. Munthu akafuna kuchuna mavavu amamasula manati atatu, chivundikiro n'kuchoka, ndipo ntchito yonse amaigwira atakhala pa chitsa pansi pa mtengo. Kambale ka pansi pa kabyuleta kamagwidwa ndi kawaya kokha. Kukankha ndi chala, kambale kali m'manja, madzi ndi zinyalala za m'petulo wa m'zigubu n'kutaya. Pulagi ili panja, yoonekera. Njinga iliyonse inkatuluka m'fakitale ndi kathumba ka masipanala abwino, okwanira pafupifupi ntchito zonse za panjira. Opangawo ankadziwa kuti chopangidwa ndi munthu chimatha, ndipo m'malo mobisa zimenezi anatsegula njira yoti chotha chizichotsedwa n'kuikapo china.

M'chaka cha 1980 anatulutsa R 80 G/S, imene zilembo zake ziwiri zomaliza zimaimira mawu a chinenero chawo otanthauza thengo ndi msewu. Njinga imeneyi ndiyo kholo la zikuluzikulu zonse zimene tikuziona zikudutsa lero. Gudumu lake lakumbuyo limagwidwa mbali imodzi yokha, ndipo limachoka ngati la galimoto. Mbiri yake inamveka pa mpikisano woopsa wodutsa chipululu cha Sahara kuchokera ku Paris kukafika ku Dakar, umene Hubert Auriol anapambana pa BMW mu 1981 ndi mu 1983, ndipo Gaston Rahier mu 1984 ndi mu 1985. Injini za mtundu wakalewu analeka kuzipanga pakati pa zaka za m'ma 1990, kotero kuti ngakhale yaing'ono pa zonse ili ndi zaka pafupifupi 30 tsopano.

Tisanamizane kuti njinga zimenezi zilibe chilema. Zili nazo, ndipo eni ake amazidziwa pamtima monga m'mene mayi amadziwira matenda a mwana wake. Zida zopangira magetsi ndi zofooka, ndipo zimatha kufa mwadzidzidzi batire n'kuuma. Zitsulo zonyamula mpando ndi katundu zimang'aluka zikagwedezeka nthawi yaitali pa msewu wa mabampu. Pali kalabala kakang'ono pamene chingwe cha sipidomita chimalowera m'giyabokosi. Kakang'ambika, madzi a mvula amalowa mwakachetechete n'kuwononga magiya, ntchito ya ndalama zambiri chifukwa cha kanthu kochepa ngati chala. Injini zakale kwambiri anazipangira petulo wokhala ndi mtovu, amene sagulitsidwanso, ndipo eni ake ambiri anachita kusintha pokhalira mavavu. Ndiye kuti njinga imene mukuiona yaima pa Nyimba si yomwe ija inatuluka m'fakitale. Yafapo pang'onopang'ono kambirimbiri, chiwalo ndi chiwalo, ndipo nthawi zonse panali munthu amene anaona imfa ikubwera n'kuitsekereza.

Asananyamuke ulendo wautali, anthu amenewa amatha miyezi akusintha njinga zawo, ndipo n'kothandiza kuona zimene amasintha. Thanki ya R 80 G/S inkalowa malita 19 ndi theka; kampani inatulutsanso ina ya malita 32, ndipo ena amaika yapulasitiki ya malita 43, imene ingathe kumuchotsa munthu ku Lusaka mpaka ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 570, osaima pa malo omwetsera mafuta. Amawotcherera zitsulo zolimbitsa pamene akudziwa kuti pamang'aluka. Ku Germany kuli ngakhale kampani yaing'ono yotchedwa HPN imene inatchuka ndi ntchito yolimbitsa mafulemu a njinga zimenezi. Pansi pa injini amaika chimbale chachitsulo choteteza ku miyala. Pa paipi ya petulo amawonjezera kasefa. Chingwe cha kilatchi chatsopano amachimangirira pambali pa chakale, kuti tsiku limene chakalecho chidzaduke angolumikiza. Ndipo chinthu chimene ambiri amanyamula, chopepuka pa zonse, ndi kabuku kolembamo makilomita ndi tsiku limene anasintha oyilo, pakuti njingayi ili ndi malo angapo ofuna oyilo, la injini palokha, la magiya palokha, la ku gudumu lakumbuyo palokha. Mukaonetsetsa, kusintha konseku kuli ndi cholinga chimodzi: kuti njinga ifike kumene ikupita. Zokometsera n'zochepa.

Wina angaganize kuti zimenezi ndi za amuna achuma okhaokha. Koma m'chaka cha 1982 mtsikana wa ku England wa zaka 23, Elspeth Beard, ananyamuka yekha pa BMW R 60/6 yopangidwa mu 1974, yogula kwa munthu wina, ndipo anabwerera kwawo mu 1984 atazungulira dziko lapansi, mtunda wa makilomita oposa 50,000. Ndalama zitamuthera ku Australia anagwira ntchito, napanga yekha mabokosi onyamulira katundu. Njinga ankaikonza yekha. M'dziko lomwelo anagwa koopsa nagona m'chipatala, ndipo chimene chinapulumutsa mutu wake ndi chipewa cholimba chimene anavala. Tikutchula za chipewachi mwadala, popeza lamulo la pamsewu m'Zambia muno limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera omwe avale, koma zipewa zambiri timaziona zitapachikidwa pa chiwongolero, kapena zikuvalidwa pokhapokha apolisi akaoneka patsogolo.

Nawonso anyamata a kwathu amasintha njinga zawo, ndipo luso ali nalo ndithu. Pitani kwa owotcherera zitsulo ku Nyimba kapena ku Petauke mukaone makaliyala otalikitsidwa ndi olimbitsidwa, mashoko owonjezera, mipando yosokedwanso. Kanjinga kopangidwira anthu awiri kamanyamula matumba a chimanga, mikoko ya nthochi, mbuzi, nthawi zina banja lonse. Zina mwa zosinthazi n'zanzeru, ndipo zabadwa chifukwa cha umphawi ndi kutalika kwa njira, sitingaziseke. Koma zina n'zopha njinga ndi mwini wake yemwe. Magalasi oonera kumbuyo amachotsedwa tsiku loyamba, ati amaoneka achikale. Chophimba tcheni chimatayidwa chifukwa chikuchita phokoso, ndipo mchenga umapeza khomo lotsegula. Sailensa amaiboola kuti njinga izilira ngati yaikulu. Timagetsi tamitundumitundu ndi wailesi zimayamwa batire, pamene nyali yakumbuyo, imene ingamupulumutse munthu kwa lole usiku, inafa kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choipa koposa sichioneka ndi maso. Sefa ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi njinga imayamba kufooka, ndipo ena m'malo moitsuka kapena kugula ina amangoichotsa. Njinga imathamangadi bwino sabata imeneyo. Koma fumbi la m'chigwa likalowa m'injini n'kusakanikirana ndi oyilo limasanduka ngati mwala wonolera mipeni, ndipo limadya pisitoni ndi silinda usana ndi usiku. Injini ya njinga zing'onozing'onozi imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Lita imodziyo ndiyo imatsuka, kuziziritsa ndi kufewetsa injini, magiya ndi kilatchi pamodzi. Ikada n'kukhala ngati phala, kapena munthu akathiramo oyilo wakale wotsanulidwa m'galimoto amene amagulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, masiku a injiniyo ayamba kuwerengeka. Ikadzayamba kufuka utsi, mlandu udzagwera anthu a ku India kapena a ku China amene anaipanga.

Tikudziwa chimene ena ayankhe, ndipo ali ndi mfundo. Mlendo uja ali ndi ndalama ndi nthawi. Akhoza kugona masiku atatu pa malo ogona alendo akuchuna mavavu. Mnyamata wonyamula anthu pa njinga ya bwana wake ayenera kupereka ndalama madzulo aliwonse, kugwe mvula kuwale dzuwa, ndipo tsiku loimika njinga ndi tsiku logona ndi njala. N'chifukwa chake mawu athu akulunjika makamaka kwa eni njinga. Bambo amene mumalandira ndalama tsiku ndi tsiku osapatulako ya oyilo, ya sefa ndi ya mabuleki, osalola mnyamata wanu kupuma ngakhale theka la tsiku kuti njinga ionedwe, mukuchita ngati mlimi amene akukazinga mbewu yodzala. Mtengo wa lita ya oyilo wabwino ndi mtengo wotsegula injini kwa makaniko n'zosayerekezeka, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ife.

Pali mtundu wina wa njinga umene umafa msanga kuposa yonse, ndiwo njinga za mphatso. M'chaka cha 1988 Barry Coleman, mtolankhani wa ku England, ndi Randy Mamola, katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto, anapita ku Somalia kukaona ntchito za umoyo wa ana. Anapeza galimoto ndi njinga zamoto zoperekedwa ndi mabungwe zitangoima, zina zitayenda mtunda wochepa, chifukwa chosowa kachida kotsika mtengo ndi munthu wodziwa kusamala. Pamodzi ndi Andrea Coleman anayambitsa ntchito imene inadzakhala bungwe la Riders for Health, limene linadzagwiranso ntchito muno m'Zambia ndi ku Malawi. Chiphunzitso chawo chinalibe zozizwitsa: wokwera aliyense aziyendera njinga yake m'mawa uliwonse asanailize, kuona petulo, oyilo, tcheni, manati, mabuleki ndi matayala, makaniko azibwera pa nthawi yoikika, osadikira kuti njinga ife, ndipo ndalama ya zonsezi iziwerengedwa pa kilomita iliyonse kuyambira tsiku loyamba. Njinga zimene ankagwiritsa ntchito zinali zing'onozing'ono ngati zathu zomwezi, osati za ku Germany, ndipo zinkatumikira zaka.

Apa pali phunziro kwa makomiti athu onse, a tchalitchi, a chipatala, a sukulu ndi a makalabu a alimi. Njinga ikabwera timavina, timaidalitsa, timalemba kalata yothokoza. Koma pa msonkhano womwewo payenera kumveka mayankho a mafunso osakoma: makiyi asunga ndani, kabuku alemba ndani, ndalama ya oyilo ichokera m'thumba liti, ndipo ndani ali ndi mphamvu yokaniza ngakhale wapampando akafuna kuibwereka kupita ku ukwati. Njinga ya aliyense ilibe mwini, ndipo aliyense woikwera amaganiza kuti oyilo anaona ndi mnzake wa dzulo. Akhristu a ku Ulaya amene amasonkhera MIVA ambiri ndi anthu wamba, ena okalamba odya penshoni, ndipo n'chinthu cholemera kuwalembera patapita zaka ziwiri kuti tikupemphanso ina.

Njinga ya ku Germany imene inafika pafupi kwambiri ndi moyo wathu si BMW konse. Dziko lija lili logawanika pawiri, fakitale yakale ya DKW mumzinda wa Zschopau inagwera kuvuma, ndipo inkapanga njinga zotchedwa MZ. Kuyambira m'chaka cha 1979 anzathu a ku Mozambique, pafupifupi 20,000 onse pamodzi, anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a East Germany. Dzikolo litatha mu 1990 ambiri anabwezedwa kwawo, ndipo pakati pa katundu amene anabwera naye panali njinga za MZ, zimene kwa kanthawi zinali chizindikiro cha munthu wochokera ku Ulaya. Nkhani yawo inatha moipa, pakuti gawo la malipiro awo limene ankauzidwa kuti adzalipeza kwawo ambiri sanalione, ndipo akhala akudandaula m'misewu ya Maputo kwa zaka zambiri. Koma njingayo inali ndi nzeru imodzi yoyenera dziko la fumbi: tcheni yake yonse inkayenda m'kati mwa mipaipi ya labala, yotsekeredwa, kotero kuti inkakhala nthawi yaitali. Anthu osauka zipangizo anapanga njinga ya anthu osauka zipangizo. Fakitale imeneyo lero siipanganso njinga.

Nanga wina atakutsatsani BMW yakale pa mtengo wooneka wabwino, mugule? Ngati mukukhala kwa Luembe, ife tikuti ayi. Yodzaza mafuta imalemera makilogalamu oposa 180, katundu asanakwere, pamene tinjinga tathu timalemera pang'ono kupitirira 100. Ikagwa m'matope munthu mmodzi amavutika kuidzutsa, ndipo kuikweza m'bwato kuti iwoloke mtsinje ndi ntchito ya mudzi wonse. Ted Simon, mlembi wa ku England amene anazungulira dziko lapansi pa njinga m'zaka za m'ma 1970, anabwereza ulendowo mu 2001 ali ndi zaka pafupifupi 70, pa BMW ya mtundu womwewu, ndipo matope anamugwetsa nathyoka mwendo. Lita imodzi ya petulo imaiyendetsa makilomita osafika 20, pamene kanjinga kakang'ono kamayenda kuwirikiza kawiri. Kachida kakafa muyenera kuitanitsa ku South Africa kapena ku Ulaya, pamene zida za Boxer zili pa msika uliwonse, ndipo makaniko wodziwa kuitsegula ali pansi pa mtengo wa mango uliwonse. Ubwino umene BMW yakale ili nawo kwa mlendo, woti ingakonzedwe paliponse, kwa ife uli ndi kanjinga kotsika mtengo komwe tili nako kale.

Koma ngati m'nyumba yosungira katundu ya pamishoni, kapena kwa agogo amene anagwirapo ntchito ku migodi kapena ku Zimbabwe, muli chinjinga chakale cholembedwa BMW, NSU, DKW, Zündapp kapena MZ, musafulumire kuchipereka kwa ogula zitsulo zakutha amene amayeza pa sikelo. Kuli anthu m'maiko ambiri amene amafunafuna njinga zotere, ngakhale zadzimbiri, ndipo mtengo wake sawerengera pa kilogalamu. Lembani nambala ya injini ndi ya fulemu, chotsani pamvula, ndipo mufunse kwa odziwa musanagulitse. Safunsa anadya phula.

Chomaliza chimene tingatengere kwa apaulendo aja n'cha m'dzinja. Iwo akafika pa mtsinje wodzaza amatsika, n'kuyamba awoloka wapansi ndi ndodo kuti adziwe kuya kwake ndi pamene pali miyala. Madzi akafika polowera mpweya, injini imamwa, ndipo munthu akaumirira kuiliza zitsulo za m'kati zimapindika. Njinga ikazima pakati pa madzi musaimenye kiki. Ikankhireni kumtunda, chotsani pulagi, tsanulani madzi a m'bokosi la sefa ndi a m'kabyuleta, ndipo mupalase kiki kangapo pulagi ili kunja kuti madzi a m'silinda atuluke. Mukatero yang'anani oyilo. Akaoneka woyererako ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi, ndipo ayenera kutsanulidwa tsiku lomwelo, ngakhale munamuthira dzulo.